Kuona Maso a Nkhono n'Kudekha

Ana anga a ku Kitwe ndi ku Ndola, inu amene mwakumba madamu a nsomba kufupi ndi Kafue ndi Kafubu, sendezani mipando. Juni ndi Julayi akafika, usiku kutentha kumatsika pansi pa madigiri 10, ndipo mlimi wopupuluma ndi amene amayamba kulira.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Akatswiri a ku China adadekhadi, nayang'anitsitsa nkhono ya m'nyanja ya zigoba ziwiri, ya mtundu wa Manila, imene amaweta kwambiri kumeneko. Adapeza kuti madzi akazizira, majini ena oteteza thupi lake amadzuka n'kugwira ntchito molimbika, ena n'kuzilala. Kuzizira kukapitirira mphamvu zimatha, tizilombo n'kupeza khomo lotsegula.

Chambo cha m'damu mwanu chilinso chimodzimodzi. Thupi lake limatsata kutentha kwa madzi. Chimakula bwino pa madigiri 27 mpaka 30, koma akatsika kufika pa 16 chimaleka kudya, chitetezo chake n'kufooka. Nanga mwini damu amatani? Amathirabe chakudya chodzaza chidebe m'mawa kuli chisanu, ati nsomba zikule msanga akagulitse ku Chisokone. Chakudyacho chimamira, chimaola, chimatha mpweya m'madzi. Mawa lake aponyamo khoka kuti aone ngati zanenepa, nazisupula utelezi wa pakhungu umene umaziteteza. Posakhalitsa pamsana pa nsomba pamera zoyera ngati thonje, zina zayandama chagada. Kenako ati andilodza! Kuthamanga sikufika, mwanawe.

Musaiwalenso matenda a zilonda a nsomba, amene adaoneka mu Zambezi cha m'ma 2007, nafika ku Mchinji mu Julayi 2020. Nawonso amakonda nyengo yozizira, nsomba zikafooka.

Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho imvani. Onjezerani madzi damu lizame, pakuti madzi akuya sazizira msanga. Dyetsani pang'ono, masana dzuwa litakwera. Zikapanda kubwera kudzadya, bwezani chidebe kunyumba osadandaula. Khoka likhale pachitsa, ndipo mbewu ya nsomba idikire Sepitembala.

Safunsa adadya phula. Ku Mwekera, pafupi ndi Kitwe pomwepa, kuli malo a boma ofufuza za ulimi wa nsomba. Mukaona nsomba yachilonda musaitaye mumtsinje. Ikwirireni, ndipo pitani mukawauze alangizi tsiku lomwelo.