Masamu a Kusankha Ayambire pa Chanza

Ana asanu akapatsana moni wa chanza, aliyense ndi mnzake, manja agwirana kangati? M'kalasi mumamveka mayankho atatu: 25, 20 ndi 10. Wonena 25 wadzipatsanso moni yekha. Wonena 20 waganiza ndithu, koma waŵerenga moni uliwonse kaŵiri. Yankho ndi 10.

Komatu posankha mtsogoleri wa kalasi ndi wachiŵiri wake mwa ana omwewo, njira zake zilidi 20, pakuti kutsogola ndi kutsatira nkosiyana. Apa mpomwe ophunzira ambiri amapunthwa. Sazindikira ngati dongosolo lili ndi kanthu m'funsolo, ndipo lamulo loloŵeza pamtima silingaŵauze zimenezo.

Aphunzitsi amalakwa pothamangira kulemba malamulo pabolodi. Ngakhale ndandanda ya manambala imene Blaise Pascal anafotokoza mu 1654, yokhala ndi mzere wa 1, 5, 10, 10, 5, 1, iyambe yadikira. Ana aimirire, agwirane chanza, alembe maina aŵiriaŵiri m'kope. Nthaŵi imathadi, ndipo mayeso sadikira munthu. Koma wodzipezera yekha kuti 4+3+2+1 ndi 10 sadzavutika kupeza kuti matimu 16 okumana kamodzikamodzi amaseŵera maseŵero 120.