Chimbale mwagula, koma kiyi watsala kwa eni

Mwezi wathawu ndinali pa boma la Mwanza, ndipo mphwanga amene ali ndi kanyumba koseweretsa ana magemu pafupi ndi msewu wa M6 anandionetsa chimbale chomwe chamudyera ndalama. Anachigula kwa wamalonda wochokera ku Joni pamodzi ndi makina akaunjika. Pachikuto pali mnyamata ataima pathabwa, akutsetsereka paphiri loyera mbee ndi chipale chofewa, anzake akumuthamangitsa pambuyo. Ana a ku Mwanza amadziwa manachesi ndi fumbi la mathiraki, chipale sanachionepo, ndiye mphwangayo anati apa ndapha makwacha.

Atachiika m'makina, nyimbo inalira bwinobwino. Kenaka panabwera uthenga wa m'Chingerezi woti makinawo akulephera kulumikizana ndi eni ake. Anagula bandulo, naganiza kuti vuto ndi netiweki. Anagulanso ina. Ayi ndithu. Chimbale chilibe ndi kachilema komwe, koma gemuyo inafa kalekale, tsiku lomwe kampani yake inazimitsa makompyuta ake kutsidya kwa nyanja.

Abale anga ogulitsa katundu, apa mpomwe pagona nkhani. Kale ukagula kaseti kapena chimbale, zonse zimakhala momwemo. Magemu ambiri a masiku ano ali ngati nyumba yomwe khomo lake lili kwanu koma zipinda zili kwina. Mpikisano, mayina a opambana ndi zomwe mwana wagula m'gemumo zimasungidwa pa makompyuta akuluakulu a kampani, omwe amati maseva. Makompyutawa amadya magetsi ndi malipiro a anthu. Osewera akachepa, kampani imawerengera ndalama nkuzimitsa basi.

Musati nzongopeka. Kampani ya ku France ya Ubisoft inatulutsa gemu ya mpikisano wa magalimoto yotchedwa The Crew mu 2014. Mu December 2023 inasiya kuigulitsa, ndipo pa 31 March 2024 inazimitsa maseva ake. Ngakhale amene anali ndi chimbale m'manja, ofuna kusewera yekha osapikisana ndi wina, anangoti kakasi. Anthu atakasuma kukhoti ku California, kampaniyo inayankha kuti ogula sanagule gemuyo, anangogula chilolezo choigwiritsa ntchito. Mwamva? Ndalama mwatulutsa zonse, koma mwini katundu ndi wina.

Azungu sanangokhala chete. Mkulu wina wa ku America, Ross Scott, anayambitsa mu April 2024 gulu la Stop Killing Games. Ku Ulaya anthu oposa 1 miliyoni anasaina pempho, lomwe linatsekedwa pa 31 July 2025, loti makampani azisiya gemu ikugwirabe ntchito akamachoka. Ku California lamulo lomwe linayamba mu January 2025 likukakamiza ogulitsa zinthu zotere pa intaneti kunena poyera ngati munthu akungogula chilolezo. Ubisoft yomweyo, phokoso litakula, inakonza kuti The Crew 2 izitheka kusewera popanda intaneti. Kulira kumathandiza, bola olirawo akhale ndi ndalama zoti kampani iziope kutaya.

Nanga ife? Ife tili kumchira kwa msika. Gemu ikatha fasho kwa eni, zimbale zake zimatsika mtengo nkudzaza m'mashopu a zakale ku Johannesburg. Mmalawi amaziona zotchipa, nanyamula. Amadutsa nazo pa Beitbridge, pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi ku Tete, kufika pa Zobue ndi pa Mwanza, kulipira basi ndi msonkho ndi Kwacha yomwe inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Pamapeto pake katundu yemwe wamuvutikira masiku onsewa ndi mtembo. Wogula akabweza chimbale sapita ku Paris, amabwera pa benchi panu, nkukutchulani wakuba pamaso pa anthu.

Inunso ana asukulu, amene mumathyola ndalama ya sopo kugulira kamunthu ka m'gemu zovala ndi mfuti pa foni, dziwani kuti PUBG Lite ya pa kompyuta inatsekedwa mu April 2021, ndipo ya pa foni yanuyo sinalumbire kuti idzakhala mpaka kale.

Ena ati boma lichitepo kanthu. Ine sindikuona kuti bungwe la CFTC lingaitanitse kampani ya ku France kudzayankha mlandu ku Lilongwe. Chomwe ndikuopa nchakuti tsiku lomwe madandaulo adzachuluke, wogwidwa adzakhala wamalonda wamng'ono wa ku Limbe kapena ku Mwanza, yemwenso anapusitsidwa. CFTC ndi CAMA akadayamba ndi kuchenjeza anthu pa wailesi m'Chichewa, chilango chibwere pambuyo.

Pakadali pano, mukamagula chimbale ku Joni, tembenuzani chikuto muwerenge timalemba ta kumbuyo. Mukaona mawu onena kuti intaneti ikufunika nthawi zonse, uzani wogulitsayo achiyese inu mukuona, kenaka achotse intaneti achiyesenso. Akakana, chisiyeni. Mphwanga uja chake anachikoloweka pakhomo ndi ulusi, akuti chimanyezimira dzuwa likawomba ndipo ana amabwerabe kudzasewera mpira wa FIFA.