Matayala opyapyala si a misewu ya ku Rumphi

Akonzi,

Mlembi amene walangiza m'nyuzipepala ino eni galimoto zotsitsidwa, zomwe masipuling'i ake amafupikitsidwa kuti ziyandikire pansi, kuti azigula matayala a 205/40 R17, zikuoneka kuti sanayendepo mumsewu wopita ku Nyika kudzera ku Bolero. Nambala ya 40 imasonyeza kuti msinkhu wa mphira wa m'mbali ndi 40 peresenti ya mulifupi wa mamilimita 205, kotero limu imatetezedwa ku miyala ndi mamilimita 82 okha, pamene tayala wamba la 195/65 R15 lili ndi pafupifupi 127. Limu ikapindika m'dzenje mpweya umatuluka, ndipo pansi pa injini pamakhula miyala. Malangizowa ngosocheretsa kuno, choncho nyuzipepala ino iwakonze.

Wowerenga,
Rumphi