Kompyuta yatsopano ikakana kuyaka, tiyambire pa soketi

M'makomo ena masiku ano tikugula zipangizo za kompyuta chimodzichimodzi n'kumanga tokha, kuti mwana wa kusekondale kapena kukoleji akhale ndi pophunzirira. Ndalama zake zimakhala zosonkhanitsa miyezi yambiri. Ndiye tikadina batani tsiku loyamba, kompyuta n'kungoti zii, mtima umasweka, ndipo ena timayamba kunena kuti atigulitsa zakufa. Tisafulumire kugula zina. Nthawi zambiri vuto limakhala waya amene sanalowe bwino. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choyamba tisamale moyo. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a 230 volts, ndipo amapha. Tisanalowetse dzanja m'bokosi, tizule pulagi kukhoma, kenako tidine batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Tikhudzenso chitsulo cha bokosilo, chifukwa timagetsi ta m'thupi mwathu tikhoza kuononga zipangizo. Kabokosi kogawa magetsi, kotchedwa power supply, tisakatsegule ngakhale pang'ono: kamasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa.

Ngati palibe chikuyaka, ngakhale fani, tiyese soketi ndi nyale kapena tchaja ya foni. Mapulagi athu a mano atatu amakhala ndi fyuzi mkati, choncho tiyesenso waya wina. Kumbuyo kwa power supply kuli kaswitchi kolembedwa I ndi O, ndipo kakhale pa I. Ma power supply ena akale ali ndi kaswitchi kofiira ka 115 ndi 230. Kakakhala pa 115, monga zimakhalira ndi ochokera ku America, amapsa tikangowalumikiza kuno.

Tikatero tione mawaya awiri opita ku motherboard, thabwa lalikulu lija pamene pamakhala zipangizo zonse. Wamkulu ali ndi mano 24 ndipo amalimba polowetsa, mpaka kachingwe kake katakola. Winayo ali ndi mano 8, ndi wa purosesa, ndipo malo ake amakhala pamwamba chakukona. Ameneyu ndi amene ambiri amamuiwala. Palinso timawaya tochokera ku batani loyatsira, tolembedwa POWER SW. Tikaphonya mano ake, batani silingagwire ntchito. Kabuku kobwera ndi motherboard kali ndi chithunzi cha malo ake. Tikawerenge, poti safunsa anadya phula.

Tionenso pansi pa motherboard. Imayenera kukhala pa timiyendo tachitsulo, osagunda bokosi. Kamwendo kamodzi kakakhala pamalo opanda bowo, kakhoza kugunditsa magetsi kompyuta n'kukana kuyaka.

Nthawi zina mafani amazungulira koma sikirini n'kukhala yakuda. Apa tiyambe ndi waya wa sikirini. Ngati tinaika graphics card, wayayo alowe m'khadimo, osati kumbuyo kwa motherboard. Tidziwenso kuti mapurosesa ena sangaonetse chithunzi popanda khadi, monga a Intel okhala ndi F kumapeto kwa nambala, komanso AMD Ryzen 5 5600. Mnzake 5600G amaonetsa yekha.

Waya akakhala bwino, tipite ku RAM. Tizule timitengo tonse, tibwezere kamodzi kokha, n'kukanikiza mbali zonse ziwiri mpaka kamveke kuti ka. Pa motherboard ya malo anayi, timitengo tiwiri nthawi zambiri timakhala pa A2 ndi B2, malo achiwiri ndi achinayi kuchokera pa purosesa. Ngati RAM yathu ndi DDR5, kuyaka koyamba kumatha kutenga mphindi zingapo sikirini ili yakuda, choncho tidikire. Ma motherboard ambiri ali ndi tinyale tinayi tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT. Kamene katsale koyaka ndiko kakutilozera pamene pali vuto.

Kompyuta ikayaka n'kuzima yokha patangopita nthawi yochepa, mwina purosesa ikutentha. Zoziziritsira zina zimabwera ndi kapulasitiki pansi, koyenera kumatula tisanamange. Fani yake ilumikizidwe pamene palembedwa CPU_FAN.

Vuto lina ndi la BIOS, pulogalamu imene imadzutsa kompyuta. Motherboard ya B450 yokhala ndi BIOS yakale siingazindikire mapurosesa a Ryzen 5000, amene anayamba kutuluka mu 2020, mpaka BIOS itasinthidwa. Ndipo ngati tinasintha zina mu BIOS kompyuta n'kusiya kuyaka, tichotse kabatire kozungulira ka CR2032 kwa mphindi zisanu, pulagi ili yozula, n'kukabwezera. Makolo, kabatire aka tisakasiye pamphasa kapena patebulo. Mwana akakameza kakhoza kumuotcha kummero m'maola awiri okha. Zikatero tisayese kumusanzitsa, tithamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Sikirini ikayaka n'kulemba kuti sikupeza poyambira, tisangalale, chifukwa zipangizo zikuluzikulu zikugwira ntchito. SSD yatsopano imabwera yopanda kanthu, ndipo imafunika kuikamo Windows kapena Linux kuchokera pa flash.

Pa zonsezi tizisintha chinthu chimodzi, n'kuyesa kuyatsa, n'kulemba papepala zimene taona. Tikasintha zitatu nthawi imodzi sitingadziwe chimene chinalakwika. Tikamva fungo la kupsa kapena kuona utsi, tizime kukhoma ndipo tisayatsenso. Zonse zikakanika, titenge pepala lathu lija, malisiti ndi mabokosi ake, tipite kwa mmisiri kapena kumene tinagula. Mmisiri amene tamuuza zimene tayesa kale sachedwa kupeza chipangizo cholakwika, ndipo ife tidzangosintha chimodzicho m'malo mogulanso zonse.