Ndani ali ndi mawu pa malo a makolo athu?

Anzanga achinyamata, aliyense woyenda mumsewu wochokera ku Nkhata Bay kupita ku Chintheche ndi Kande amaona mmene mipanda ikuchulukira m'mbali mwa nyanja. Pena pamene asodzi ankakokera mabwato ndi kuyanika usipa, lero pali chipata ndi mlonda. Minda ya mphira ya Vizara ndi ya tiyi ya Kawalazi inatenga kale gawo lake. Otsala ndi malo a makolo, omwe ife a ku Mpamba timalimapo chinangwa.

Kudzilamulira si chinthu chachilendo kwa Atonga. M'zaka za m'ma 1930, atsamunda atayamba kulamulira kudzera mwa mafumu, kuno kunakhazikitsidwa bwalo la mafumu ambiri, Atonga Tribal Council, osati mfumu yaikulu imodzi. Makolo athu ankakonda kuti nkhani izikambidwa pagulu.

Lamulo la malo a makolo la 2016, Customary Land Act, labweza ina mwa mphamvuzo kumudzi. Likuti kwa gulupu kukhale komiti ya malo: gulupuyo ngati wapampando, ndi anthu 6 osankhidwa ndi anthu a m'deralo, osachepera atatu akhale amayi. Komitiyi ndiyo yoyang'anira kagawidwe ka malo ndi kuona zopempha za mabanja ofuna kulembetsa minda yawo. Koma ndi angati mwa ife amene adawerengapo lamuloli? Nkhani za mpira wa ku England timazidziwa mpaka mayina a osewera apabenchi.

Tiyeni tione anzathu akutali, Ainuit a kumpoto kozizira kwa Canada. Iwo adapereka pempho lawo la malo mu 1976, mgwirizano udasainidwa mu 1993, ndipo chigawo chawo cha Nunavut chidayamba pa 1 April 1999. Komabe malo a boma ndi miyala yamtengo wapatali zidatsala m'manja mwa akuluakulu a ku Ottawa. Mpaka pa 18 January 2024 ndi pamene adasainirana zoti ulamuliro wa zimenezi upite ku boma la Nunavut. Ngakhale pamenepo, adagwirizana kuti padutse zaka zitatu, kufikira 1 April 2027, ndipo china mwa zifukwa zake chinali kuphunzitsa ana awo ntchito yoyendetsa malo.

Apa mpamene pagona nkhani. Boma likhoza kupereka mphamvu papepala, koma ngati mudzi ulibe munthu wodziwa kuwerenga mapu kapena kumvetsa chikalata cha lizi, wobwera ndi ndalama ndi amene adzalamule. Sindikunyoza agogo athu. Iwo amadziwa malire a munda uliwonse pamtima. Chomwe akusowa ndi mdzukulu wofika Fomu 4 wokhala pambali pawo, wowerenga chikalata mokweza m'Chitonga chala chisanadindidwe.

Choncho sabata ino, pitani kwa agulupu mukafunse mwaulemu ngati komiti ya malo ilipo, amene alimo ndi ndani, ndiponso chisankho china chidzachitika liti.