Nthiti zosathyoka zisatinamize

Mwana akagundidwa ndi kabaza, akagwa mumtengo wa mango kapena khoma likamugwera m'dzinja, funso pamudzi limakhala limodzi: "Wathyoka pena pake?" Akuluakulu amamupapasa m'nthiti, ndipo akaona kuti zonse zili m'malo amatereka madzi omuthowera. Wakabaza amasiya ya Panado, nkhani yathera pomwepo. Ine monga namwino, funso limeneli ndimadana nalo.

Nthiti za mwana n'zanthete. Zimapindika ngati nsungwi yaiwisi n'kubwerera m'malo, ndiye mphamvu yambiri ya kugundako imakathera m'mapapo. Kunja kulibe bala, m'kati mwang'ambika.

M'mapapomo tinjira ta mpweya ndi mitsempha ya magazi zimayenda mogundizana. Zikang'ambikira malo amodzi, mpweya umatha kulowa mumtsempha wopita kumtima, mtimawo n'kuupopa limodzi ndi magazi. Kathovu kakatseka mtsempha wodyetsa mtima, mtima umaima. Kakathamangira ku ubongo, mwana amakomoka, kuphupha kapena kufa ziwalo mbali imodzi, chonsecho mutu sanamenyetse paliponse. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika sizipereka mpata.

Chondiwawa n'chakuti ngoziyi imatha kukulira m'manja mwathu azachipatala. Mwana akataya magazi ambiri mitsempha yake imafota, ndiye tikamupopera mpweya mwamphamvu pofuna kumupulumutsa, mpweyawo timaukankhira tokha m'magazi. Amene wagwira chopopera afinye mofatsa ngakhale mtima ukumugunda, apereke okosijeni wokwanira, abwezere madzi ndi magazi otayika. Mwana akafooka mwadzidzidzi tangoyamba kumupopera, tiganize msanga za mpweya wolowa m'magazi. Unduna wa Zaumoyo uphunzitse zimenezi mpaka kuzipatala zazing'ono, chifukwa ovulala amafikira kumeneko.

Luso lilipo. Njira ya ETAT, yosankhira msanga ana odwala mwakayakaya pamzere, inakulira pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, komwenso mu 2017 anatsegula Mercy James Centre yochitira ana maopaleshoni. Koma madokotala ake sangathandize mwana amene akuthowedwa kuseri kwa nyumba ku Neno.

Makolo anzanga, mwana amene wamenyeka pachifuwa akamatsokomola magazi, kupuma mofulumira kapena mobanika, kutuwa kapena kuwodzera zosadziwika bwino, mutengeni nthawi yomweyo, musadikire kuti kuche. Mukafika, afotokozereni adokotala chimene chamugunda, mbali yake ndi nthawi yake, ngakhale wogundayo akhale mlamu wanu amene mukufuna kumubisa kwa apolisi.