Tsiku la makedzana lisamathere pa ng'oma

Ku Ulaya ndi ku America kuli zionetsero zimene anthu amaswera pabwalo tsiku lonse ngati abwerera m'mbuyo zaka 500. Osula amasula, owomba nsalu amawomba, ndipo mwana amaloledwa kugwira chida n'kuyesa yekha. Chionetsero chotchuka cha mtunduwu ku America chinayamba mu 1963 ku California, ndipo amene anachiyambitsa anali mphunzitsi, Phyllis Patterson, pamodzi ndi amuna ake. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi mfundo imeneyi isatidutse: nafenso tikhoza kuchita zotere m'sukulu za kwathu.

Kuno, tikati tsiku la chikhalidwe, maganizo amathamangira ku magule. Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti magalimoto amadutsa pa Namitete kulowera ku Mchinji, ulendo wa ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kumwambo wa Kulamba wa Kalonga Gawa Undi. Mwambowo ndi waukulu, koma ana ambiri a ku Nsaru kapena kwa Kabudula sadzafikako. Akatsala kumudzi amangoona gule wamkulu, ndipo mwana wochokera m'banja lopemphera amauzidwa kuti asayandikire. Mapeto ake amakula akuganiza kuti za makolo zonse zili kudambwe ndipo iye sizimukhudza.

Chonsecho makolo athu sankangovina. Ankasungunula chitsulo m'ng'anjo n'kusula makasu, nkhwangwa ndi mivi. Ankasula chiwondo cha khungwa la mtengo, kuwomba nsalu za thonje, kuumba mitsuko ndi kutcheza chidulo. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la Kalonga, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapeza mikanda ya galasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zibenthu za mbale za ku China. Amaravi ankachita malonda ofika kutsidya kwa nyanja ya mchere. M'kalasi zimenezi zimangokhala zoloweza za mayeso, mwana n'kuiwala akangotuluka m'chipinda cholembera.

Taganizani sukulu za dera limodzi, tinene ku Mpingu kapena ku Nambuma, zitapatula tsiku limodzi zokolola zitatha. Pansi pa mtengo pali wosula ndi mvukuto wake. Apo agogo akuumba mphika, uko ena akuluka lichero, ana akusinthana pamphero. Nsima ya tsikulo ikhale ya mapira kapena mawere, ndipo ana akafunsa chifukwa chake, mphunzitsi awauze kuti chimanga chinachokera ku America, chinafika ku Africa chitadutsa chaka cha 1500. Fodya amene amadzaza zigafa za ku Nsaru nayenso kwawo n'komweko. Mwana amene wadya nsima imeneyo phunzirolo sadzaliiwala. Pabwalo lotere wa mpingo uliwonse akhoza kufikapo popanda kudziguguda.

Ena anena kuti nthawi ndi yochepa, silabasi ndi yaitali ndipo sukulu zilibe ndalama. N'zoona, koma dothi, nsungwi ndi mlaza sizichokera ku Blantyre, ndipo aphunzitsi ake ali m'midzi momwemo. Chofunika ndi kupita kwa amfumu mwaulemu, kukambirana ndi komiti ya sukulu, ndi kuwathokoza agogowo ndi kenakake. Komanso tsikuli si la History yekha. Mvukuto ukuphunzitsa za mpweya ndi moto, chidulo ndi Chemistry, ndipo bawo ndi masamu.

Chenjezo lenileni lili pena. Zionetsero za kunja zija zimakonda kuonetsa mafumu ndi akavalo, n'kusiya mliri umene unapha anthu miyandamiyanda ku Ulaya pakati pa 1347 ndi 1351. Ife tisakometse kale lathu chotero. Ana amve za nthomba, za njala, ndi za akapolo amene ankawolotsedwa nyanja pa Nkhotakota m'nthawi ya a Jumbe. Amvenso kuti ng'anjo inkadya makala ochuluka, ndiye ayang'ane mmene nkhalango ya Dzalanyama ikuthera lero.

Nkhaniyi siyodikira. Khasu lakufakitale linazimitsa ng'anjo kalekale, ndipo ndowa yapulasitiki ikuthamangitsa mtsuko. Amene akudziwabe kuumba ndi kusula ambiri ndi okalamba, ndipo maliro aliwonse otere amapita ndi luso lomwe silinalembedwe paliponse. Tikamapita ku teaching practice, tisanyamule ma scheme okha. Tifunse mayina a amisiri a m'midzi yozungulira sukulu, tikawachezere, ndipo tisanachoke tikasiye pa tebulo la ahedi tsiku lenileni lodzawaitanira.